Yezetsani Musanaleke Buledi

 Lero tikambe za mai amene alikufuna mwana, ndipo waleka kudya buledi poganiza kuti tirigu ndiye alikumdwalitsa.

Iripo nthenda yochedwa coeliac. M'tirigu, m'barele ndi m'mbeu ina yochedwa rye muli cinthu cina dzina lace guluteni. Anthu ambiri amadya guluteni popanda bvuto, koma kwa ena thupi limalimbana naye, ndipo m'kulimbanamo matumbo ang'ono amaonongeka, nalephera kutenga mphamvu ya m'cakudya. Dokotala wa ku Holland, Willem Dicke, anaona kuti pa njala ya 1944 ndi 1945, buledi atasowa, ana odwala nthendayi anapeza bwino, ndipo analemba zimenezi mu 1950. M'maiko ambiri imagwira munthu mmodzi mwa anthu 100.

Mai wodwala nthendayi osadziwa amacepa magazi, amatopa, kapena amatsegula m'mimba kawirikawiri. Ena amacedwa kutenga pakati, ena amapita padera, ena amabala mwana wocepa thupi. Cifukwa cace nkwabwino kuidziwa msanga.

Tsono mvetsetsani apa. Madokotala amayamba ndi kuyeza magazi, kufunafuna zizindikiro za nkhondo ya thupi ndi guluteni. Akazipeza amalowetsa kacipangizo pakamwa kufikira m'matumbo, natengako kanyama kakang'ono kukayeza. Koma munthu akaleka tirigu nkhondoyo imazirala, zizindikiro zimazimirira, matumbo napola. Pamenepo kuyeza kungaonetse kuti muli bwino, cikhalirebe nthenda irimo.

Nanga amene analeka kale acite ciani? Kawirikawiri dokotala amamuuza kuti ayambenso kudya za tirigu tsiku ndi tsiku, kosacepera milungu 6, asanayezedwe. Nchito imeneyi iyenera kucitika pakati pasanabwere, pakuti madokotala salola mai woyembekezera kubwerera ku cakudya comwe cingamlande mphamvu iye ndi mwana. Ngati muli ndi pakati kale, musayambenso buledi mwa nokha. Kuyezako kudikire mutacira.

Iripo njira inanso, yoyeza cibadwa cimene munthu anatengera kwa makolo, cochedwa HLA-DQ2 ndi HLA-DQ8. Njirayi siyang'ana zimene mulikudya. Cibadwaco cikasowa, dziwani kuti nthendayi nkobvuta kuti mukhale nayo. Cikapezeka sindiko kuti mulikudwala, popeza anthu ambiri a moyo wangwiro ali naco.

Musadandaule za njala. Nsima ya cimanga, imene anansi athu amati sadza, iribe guluteni. Mapira, mawere, mpunga, cinangwa ndi mbatata nazonso ziribe. Cenjerani ndi buledi, mabanzi, masikono, ndi maheu ena amene amathiramo ufa wa tirigu.

Cotero pitani ku kiliniki ya kwanu kapena ku Chitungwiza Central Hospital, mukanene poyera tsiku limene munaleka tirigu, mukafunse kumene kuyezaku kumacitika. Mukafunsenso za mapiritsi a folic acid, amene mai ayenera kuyamba asanatenge pakati. Ndipo inu abambo, perekezani akazi anu, pakuti mwana ngwa nonse awiri.