Asilikali a ku Burma ndi Okumba Mkuwa wa Ndege: Tiwafunefune Akali Moyo

Mau amene analankhulidwa kwa atsogoleri a nthambi za kumidzi pa msonkhano wa ku Northmead, mu Lusaka



Ambiri a inu mwafika muno mu Northmead ndi mseu wa Great East, kucokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba. Msonkhano ukatha, kafikeni ku Kabwata mukaone mseu wa dzina lakuti Burma Road. Muno mu Lusaka muli kampu ya asilikali ya Arakan. Ku Kabwe kuli ya Chindwin, ku Ndola kuli ya Kalewa ndi ya Tug Argan, ndipo kwathu ku Chipata kuli ya Gondar. Kodi maina acilendowa anabwera bwanji m'dziko lathu? Onsewa ndi malo akutali kumene makolo athu anamenya nkhondo, ndipo ena a iwo anagona komweko.

Pamene Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse inayamba mu 1939, dziko lino linali m'manja mwa atsamunda. Boma linatuma mau kwa mafumu kuti apeze anyamata, ndipo gulu la Northern Rhodesia Regiment linakula kufikira mabataliyoni 8. Anthu akuda pafupifupi 15,000 a dziko lino anabvala yunifomu. Mu August 1940 bataliyoni yoyamba inalimbana ndi Mataliyana pa Tug Argan, ku Somaliland. Mu 1941 nkhondo ya ku Ethiopia inathera pa Gondar. Ena anaoloka nyanja kupita ku Madagascar. Mu 1944 anali ku Burma, m'cigwa ca Kabaw, kumenyana ndi Ajapani m'nyengo ya mvula yosakata, m'matope ndi m'malungo, kufikira anafika pa Kalewa m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin.

Ambuye anga anali mmodzi wa iwo. Anakhala zaka zoposa 90. Mamendulo ao anali kusunga m'kacitini ka tiyi, pansi pa mphasa, ndipo ife adzukulu tinali kuwaseka akayamba kuchula maina a mitsinje ya ku Burma. Ndinena ndi manyazi kuti palibe mmodzi wa ife amene anatenga pensulo ndi kulemba. Taonani, anzanga, nkhondo inawatengera zaka zowerengeka cabe. Zaka zina zonsezo anakhala pakati pathu, kulima cimanga ndi nsawawa, kukhoma msonkho, kuona Citaganya ca Federation cikubwera mu 1953 ndi kugwa mu 1963, ndi kuona mbendera yathu ikukwera pa 24 October 1964. Moyo wautali wotero ndi buku lathunthu, ndipo ife tinalilola kukwiriridwa losawerengedwa.

Nanga anabwera ndi ciani pocoka kunkhondo? Mapepala a boma la Britain a mu 1945, amene anaululidwa m'manyuzipepala mu 2019, aonetsa kuti ndalama ya cithokozo inali kutsata khungu. Msilikali wamba wacizungu analandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira. Msilikali wamba wakuda analandira masheleni 3 ndi sikisipensi. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Pa miyezi 36, mzungu anatenga mapaundi 18, ndipo mnzace wakuda, amene cipolopolo sicinam'sankhe khungu, anatenga mapaundi 6 ndi masheleni 6. Ndi ndalama yoteroyo munthu anayenera kuyamba moyo watsopano, mwina ali ndi bala m'mwendo.

Tsopano ndinene za gulu lina limene silichulidwa konse. Ku Britain, nkhalamba imene inagwira nchito m'fakitale ya ndege pa nthawi ya nkhondo ikakwanitsa zaka 100, manyuzipepala alemba mbiri yace, ndipo acita bwino. Pa Castle Bromwich, pafupi ndi mzinda wa Birmingham, amuna ndi akazi anapanga ndege za Spitfire zoposa 12,000. Kuno kwathu kunalibe fakitale ya ndege. Koma ndege siuluka popanda waya, ndipo mfuti yace siomba popanda zipolopolo. Zonsezi zifuna mkuwa. Mkuwa wambiri umene Britain inagwiritsa nchito unakumbidwa ku Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope ku Luanshya, ndi manja a ana a m'midzi yathu. Ine ndinena kuti nchito ya fakitale ya ndege inali kuyambira pansi pa nthaka ya ku Migodi. Gulu lina la ndege za nkhondo za Britain, la nambala 245, linapatsidwa ngakhale dzina la Northern Rhodesia. Dzina la dziko linauluka m'mwamba, koma maina a okumbawo anatsala m'mgodi.

Mu March 1940 azungu a m'migodi ananyanyala nchito, ndipo anawaonjezera malipiro. Anchito akuda a ku Mufulira ndi Nkana nawonso ananyanyala. Iwo yankho lao linali mfuti: pa 3 April 1940 asilikali a boma anaombera khamu la anthu pa Nkana, ndipo anthu 17 anafa. Izi zinacitika miyezi inai cabe abale ao asanaime pa Tug Argan kutetezera ufumu womwewo.

Sindinena kuti ulemu kulibiretu. Mwezi wa November uliwonse akulu a boma aika nkhata za maluwa pa cipilala ca cikumbutso muno mu Lusaka. Mu November 2018 Prince Harry wa ku Britain anafika pa Burma Barracks ndi kuceza ndi asilikali akale. Koma nkhata ya maluwa mu Lusaka siifika ku khumbi lodontha la ku Chadiza. Mnyamata amene anali ndi zaka 18 pamene nkhondo inatha mu 1945 anabadwa mu 1927. Werengani nokha zaka zace lero, ndipo mudzaona kuti otsalawo ndi ocepa ndithu.

Cifukwa cace ndikupemphani, inu atsogoleri a nthambi, kuti mukabwerera kumudzi mukayambe kwa anyakwawa. Mukafunse ngati m'dera lao muli munthu amene anapita kunkhondo ya Hitler, kapena anakumba mkuwa m'zaka zimenezo, kapena mkazi wamasiye wa munthu wotero. Mukalembe dzina lace, mudzi wace, nambala yace ya usilikali ngati aikumbuka, ndi malo amene anafikako, ndipo mukapereke mainawo ku Boma ndi ku bungwe la asilikali akale. Aphunzitsi atume ana a sukulu ndi makope kuti akakhale pansi ndi kulemba zimene nkhalambazo zidzanena, m'cinenero cao comwe. Ndipo inu acinyamata, mukaone denga la nyumba yao mvula isanayambe, ndi kuwalimira munda musanalime wanu.