Mboni Zitatu za Nyama Zathu

Abale ndi alongo a m'boma la Maravia, lero tikambirana za nyama za m'tchire. Funso lathu ndi ili: kodi kale kuno kunali nyama zochuluka bwanji? Mwana wa lero akaona njovu zisanu amati ndi zambiri. Sadziwa kuti agogo ake ankaziona magulumagulu. Munthu wosadziwa chimene chatayika sachifunafuna. Tsono tiyeni tifunse mboni zitatu.

Mboni yoyamba ndi miyala. Tsidya lija la nyanja ya Cahora Bassa, m'boma la Mágoè, muli mitengo yosanduka miyala. Ukaiona umati ndi zipika, koma nkhwangwa siilowa. Akatswiri apeza kuti mitengoyi inamera zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, anthu ndi njovu kulibe. Malasha a ku Moatize nawonso ndi zomera zakale zimene zinakwiririka. Mitundu ya mitengo imeneyo sikumeranso. Miyala ikutiuza kuti mtundu wa chamoyo ukatha, watha basi.

Mboni yachiwiri ndi mabuku. Mabuku akale amanena za msika wa Apwitikizi ku Zumbo m'zaka za m'ma 1700, kumene ankagula golide ndi minyanga. M'chaka cha 1856 David Livingstone anadutsa ku Zumbo potsika ndi Zambezi. Iye analemba za njovu ndi njati zambiri. Analembanso za lamulo limene anapeza: mlenje akapha njovu, mbali yogwera pansi ndi mnyanga wake zinali za mwini dziko. Mafumu a Undi nawonso ankalandira mnyanga wotere. Choncho nyama sizinali zopanda mwini.

Yerekezani ndi masiku athu. Powerenga njovu mu 2014, m'Mozambique monse munapezeka njovu pafupifupi 10,300. Zaka zisanu m'mbuyo mwake zinalipo zoposa 20,000. Zambiri zinaphedwa ndi opha nyama mozemba.

Mboni yachitatu ndi akuluakulu athu. Iwo amakumbukira kumene kunkakhala chipembere, nyama imene ana athu sanaionepo. Amadziwa njira za njovu ndi madambo amene zinkamwako madzi. Amakumbukira mmene chigwa chinalili damu lisanatseke Zambezi mu 1974.

Nanga zimenezi zitithandiza bwanji? Njovu siiwala njira yake. Tikalima m'njira yake yakale, chimanga chathu chidzathera pomwepo. Tikaidziwa njirayo, tidzaika munda pena, ndipo tidzakolola. Oyang'anira nyama nawonso amafuna kudziwa zakale kuti adziwe malo oyenera kutetezedwa. Paki ya Mágoè inakhazikitsidwa mu 2013. Ntchito ya Tchuma Tchato, ndiye kuti chuma chathu, inayamba ku Bawa m'zaka za m'ma 1990 kuti anthu a m'midzi azipindula ndi nyama za kwawo.

Ife amene tikuphunzira kulemba tili ndi ntchito. Tipite kwa agogo ndi kope ndi pensulo. Tilembe dzina la nyama, malo amene inkapezeka, ndi chaka chimene anaiona komaliza. Tikapeza mtengo wosanduka mwala, tisauswe ndipo tisaugulitse. Tiuze a mfumu. Agogo akapita tisanalembe, mboni yachitatu idzakhala chete.

Mafunso okambirana
1. Tchulani mboni zitatu zija.
2. Ndi nyama ziti zimene zinasowa m'dera lanu?
3. Njira ya njovu imadutsa pati pafupi ndi mudzi wanu?