Kodi Mphepo ya Pakhomo Panu Ingapereke Magetsi?

Makolo anu asanagule makina opanga magetsi ndi mphepo, ayambe aidziwa mphepo ya pakhomo pao, ndipo nchitoyi mungathe kuwagwirira ndinu. Mangani kansalu pamwamba pa nsungwi yaitali, muzilemba tsiku ndi tsiku cimene kakucita. Kakamauluka moongoka, mphepoyo njabwino. Kakamapindika ndi kuzungulira, ndiye kuti mitengo kapena denga zikuisokoneza, ndipo makina angaonongeke msanga. Musanyengedwe ndi mphepo ya mu Ogasiti, pakuti m'dzinja imafooka. Liwiro lace likatsika ndi theka, mphamvu yotsala ndi gawo limodzi cabe mwa magawo 8. Pamalo otero ndalama ipite ku sola. Aphunzitsi, mawa ana abwere ndi nsungwi.