Zosonkha za Bokosi Tili Nazo, Nanga za Odwala?

Ndiyankhula nditaimirira kuti akumbuyoko amve.

Mayi ena a m'gulu lathu lino anagona m'chipatala kuno ku Manchester masabata awiri, mtsempha utaphulika m'mutu. Tinakawaona angati? Koma atangotsikira kuli chete, pa WhatsApp panachita kutentha: uyu sanasonkhe, uyu wapereka mapaundi 20 okha. A msungichuma, sindikunena inu nokha, komiti yakale ndiyo inayambitsa khalidweli. Kwathu munthu akagonekedwa ku chipatala cha Queens, gadiyani amagona pamkeka panja, achibale n'kumabwera ndi phala m'mawa uliwonse. Kuno tikuti shifiti, shifiti.

Chimene chandiwawa n'chakuti ena munkafalitsa kuti madokotala ankawayeserera ngati mbewa. Bodza! Kachipangizo kamene ankawagunditsa pambali pa mutu, pafupi ndi khutu, ndi sikani ya Doppler, yofanana ndi ya amayi oyembekezera, ndipo inayamba mu 1982. Imayeza liwiro la magazi m'mitsempha ya muubongo. Magazi akatayikira m'mutu, mitsempha imatha kufinyika pakapita masiku angapo, n'chifukwa chake ankawayeza tsiku ndi tsiku. Vuto n'lakuti fupa la pamenepo limakhala lochindikala mwa anthu ena, makamaka amayi achikulire, moti mtsempha umavuta kuupeza. Ndiye zipatala zina zimatenga chithunzi cha CT kapena MRI cha wodwalayo, kompyuta n'kumamulondolera dokotala pomwe pali mtsempha. Kuyeserera kuli pati pamenepa?

Sikani yomweyi NHS imapereka kwaulere chaka chilichonse kwa ana a sickle cell a zaka 2 mpaka 16. Liwiro likafika masentimita 200 pa sekondi, mwana amayamba kulandira magazi, ndipo kafukufuku wa ku America wa 1998 anapeza kuti zimenezi zimachepetsa sitiroko ndi pafupifupi 90 peresenti. Koma makalata oitana ana athu ku sikaniyi ali pamwamba pa filiji, pansi pa makiyi. Ndikukuonani mukuseka, achimwene, mukudzidziwa.

Mwachidule: zosonkha za maliro zitsekedwa Lamlungu, malisiti a ndege yonyamula malirowo aoneke pagulu. Amene muli ndi galimoto lembetsani kwa a mlembi, tiyambe kasinthasintha woperekeza odwala. Amene muli ndi kalata ya mwana, imbani foni Lolemba lomweli, musadikire komiti.