Katundu pa Mseu, Mafuta m'Thupi

Nkhani ya lero ikukhudza anthu amene ntchito yawo imathandiza dziko lonse, koma thanzi lawo silikambidwa kaŵirikaŵiri. Anthuwo ndi madalaivala a malole oyenda maulendo aatali.

Malaŵi alibe doko la panyanja yamchere. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala zimachokera kutali, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zimayenera kukafika kugombe kuti zitumizidwe kunja. Kale katundu ameneyu ankayenda pa njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, nulumikiza dziko lino ndi doko la Beira, ndipo mu 1970 njanji ina inadzera pa Nkaya ndi Nayuchi kulinga ku Nacala. Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inasintha zinthu. Pofika 1984 njanji zonse ziŵiri zinali zitatsekeka, katundu nayamba kuyenda pa malole kupita ku Durban, ulendo wa makilomita opitirira 2,000, ndiponso ku Dar es Salaam. Mtendere unabwerera mu 1992, ndipo mu 2017 njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize, kudutsa m'Malaŵi mpaka ku Nacala, inatsegulidwa. Komabe katundu wambiri wa dziko lino sanatsikenso m'lole.

Akatswiri a zachuma amaŵerengera ndalama zimene kusintha kumeneku kwadya. Chimene saŵerengera ndi thupi la munthu wokhala pa chiwongolero. Dalaivala amakhala pampando kuyambira mbandakucha mpaka usiku, miyendo yokha ikugwedera pang'ono. Akafika pa chipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe, angathe kudikira mapepala tsiku lathunthu kapena kuposerapo, osatalikira galimoto poopa akuba. Chakudya chomuyandikira ndi cha pachiwaya: tchipisi, kanyenya, mandasi, ndi chakumwa cha m'botolo chotsitsira. Botolo limodzi laling'ono lotere limakhala ndi shuga wokwana masipuni a tiyi pafupifupi 8, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masipuni 12 pa tsiku, kuphatikizapo wa mu tiyi. Chimene thupi lalandira koma osachigwiritsa ntchito limachisunga ngati mafuta. Kugona mopereŵera nako kumawonjezera njala, ndipo chibadwa cha ku mtundu chili ndi mbali yake: anthu aŵiri angadye mofanana, wina nanenepa msanga kuposa mnzake.

Chovuta n'chakuti kumudzi mimba yotereyi imalandiridwa ndi nthungululu. Mwamuna akabwera ku ulendo malaya osamangika, abale amati ntchito yamuyanja, mayi a kunyumba akumusamala. Wowonda ndiye amanong'onezedwa kuti akudwala. Maganizo ameneŵa anali ndi chifukwa chake m'zaka za njala ndi m'zaka zimene Edzi inatenga anthu ambiri, koma aphimba matenda ena obwera mwakachetechete. Malinga ndi WHO, m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa mopitirira muyezo.

Muyezowo achipatala amaupeza poyerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake. Munthu wotalika mamita 1.7 akapitirira makilogalamu 72 wayamba kulemera kwambiri, ndipo akafika 87 kunenepako kwasanduka matenda. Wopanda sikelo angathe kutenga chingwe chotalika ngati iye mwini, n'kuchipinda pakati. Chikalephera kuzungulira mimba chapamchombo, mafuta achuluka pamalo oopsa.

Mafuta a pamimba amaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa kwa ziŵalo. Kwa dalaivala palinso china choopsa koposa. Mafuta a pakhosi amapanikiza njira ya mpweya munthu ali mtulo, kotero kuti amaliza mkonono kwambiri ndi kubanika kangapo usiku umodzi, iye osadziŵa. Kukacha amadzuka wotopa, masana nasinza. Munthu wosinza akutsika mapiri a Chiweta ndi thankala yodzaza petulo saika pachiswe moyo wake wokha.

Mankhwala ake si a m'sitolo, ndipo tiyi wogulitsidwa ndi lonjezo losungunula mafuta amangopepula thumba. Chofunika ndi kuchepetsa mitanda ya nsima, kusankha mgaiwa, ndi kuchulukitsa ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi mpiru, zimene zimapezeka m'misika ya m'mbali mwa mseu pamodzi ndi nthochi ndi mtedza. Madzi aloŵe m'malo mwa zakumwa zotsekemera, moŵa uchepe, ndipo mchere usapitirire sipuni imodzi ya tiyi pa tsiku. WHO imalangizanso kulimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa mlungu. Dalaivala woyenda ndawala kwa theka la ola m'mbali mwa mzere wa malole pamene akudikira, anzake akumuyang'anira galimoto, wakwaniritsa gawo la tsikulo. Kutsika ndi makilogalamu 5 okha kumathandiza kale shuga ndi magazi.

Koma si chilungamo kusenzetsa dalaivala mtolo wonse. Mwini kampani amene amalipira poŵerenga maulendo, osapereka nthaŵi yopuma, ndiye akugula tulo ta antchito ake pa mtengo wotsika. Galimoto amaipititsa kugalaja nthaŵi yake ikakwana. Woiyendetsa nayenso ayenera kupimidwa magazi ndi shuga kamodzi pa chaka. Boma nalo lili ndi mbali yake pofupikitsa kudikira pa malire, monga linayambira pa chipata cha Mchinji ndi Mwami mu 2022, pamene maofesi a Malaŵi ndi Zambia anayamba kugwirira ntchito pamodzi kuti lole iziima kamodzi kokha.