Thonje, Feteleza ndi Mafakitale a ku Kafue

Lero nkhani ili ku Kafue, tauni ya m'mbali mwa mtsinje, makilomita pafupifupi 45 kummwera kwa Lusaka.

Zambia italandira ufulu mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linasankha Kafue kuti ikhale tauni ya mafakitale. Madzi analipo, njanji inali itafika kale mu 1906, ndipo magetsi a ku Kafue Gorge anali m'njira. Kudzera m'bungwe la INDECO, boma linamanga Kafue Textiles, fakitale yowomba nsalu, komanso Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza yomwe inayamba ntchito mu 1970. Antchito anawamangira nyumba ku Kafue Estates.

Nzeru yake inali yomveka. Mlimi wa ku Mumbwa kapena ku Katete alime thonje, lichotsedwe njere, lipite ku Kafue likasanduke chitenje. Mayi wa kumudzi agule chitenjecho ndi ndalama ya thonje lomwelo. Feteleza nayenso achoke ku Kafue, wopangidwa mothandizidwa ndi malasha a ku Maamba, akalowe m'munda wa chimanga chodyetsa antchito a m'tauni. Apa mlimi ali pawiri: ndiye wobweretsa zipangizo, ndiyenso wogula. Akakolola zochepa, makina amasowa chogaya ndipo katundu amachita fumbi m'sitolo.

Zinthu zinatembenuka kuyambira 1991, boma la Frederick Chiluba litatsegula misika. Salaula, kapena kuti kaunjika, anadzaza mabenchi, nsalu zakunja zinabwera zotchipa, ndipo makina okalamba a Kafue Textiles analephera kupikisana nazo mpaka fakitale inatsekedwa. Thonje silinaleke kulimidwa ayi. Koma lambiri limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere ndi kumangidwa m'mabelo. Kupota ulusi, kuwomba, kudinda maluwa ndi kusoka, ntchito zomwe zimalemba anthu ambiri, zimakachitikira kwina. Wogula kaunjika sitingamudzudzule, poti thumba lake ndilo limamulamula, komabe dziko linataya zambiri pamenepa.

Nitrogen Chemicals idakalipo, ikupanga feteleza wokulitsa wa D Compound ndi zipangizo zoitanitsa kunja. Msika wake kwa zaka zambiri wadalira pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, yomwe inayamba mu 2002 ndipo lero imatchedwa FISP. Fakitale yodalira wogula mmodzi imapuma movutikira.

Tsidya lina la mtsinje, ku Mazabuka, nkhani ndi ina. Ku Nakambala, kampani ya Zambia Sugar imathirira nzimbe ndi madzi a mtsinje wa Kafue womwewu, ndipo imagulanso nzimbe za alimi ang'onoang'ono monga a ku Kaleya. Chinsinsi chili mu nzimbeyo: ikadulidwa, shuga wake amayamba kuchepa pakangopita masiku ochepa, choncho iyenera kufinyidwa msanga, pafupi ndi munda. Belo la thonje lingathe kudikira miyezi ndi kuwoloka nyanja osawonongeka, n'chifukwa chake wogula wakunja amalitenga mosavuta.

Chilala cha 2024 chinaonetsa kulumikizana kwina. Chimanga chinapserera m'minda, madzi anatsika m'madamu opangira magetsi a ku Itezhi-Tezhi ndi ku Kariba, magetsi nkumazima maola ambiri patsiku. Wachigayo anasowa chimanga ndi magetsi nthawi imodzi.