Mpikisano Wosankha Masheya Usasanduke Juga

Mawu kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma ku Nselema

Aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi azaumoyo a ku Nselema akafuna kuthandiza ana amasiye ndi okalamba, angathe kuchititsa mpikisano waubwenzi wosankha masheya a makampani opanga katemera ndi mbewu zamakono. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma ifunika mwambo, pakuti popanda mwambo chithandizo chimasanduka juga.

Makampani otere si achilendo kwa anthu a ku Machinga ndi Balaka. Mu April 2019 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba kupereka kwa ana katemera wa malungo wa RTS,S, wopangidwa ndi kampani ya GSK, ndipo maboma aŵiriŵa adali m'gulu la maboma 11 amene adayambirira. Boma lidalolezanso alimi kubzala thonje la Bt, limene limadziteteza ku mbozi. Luso la thonje limeneli lidachokera ku kampani ya Monsanto, imene idagulidwa ndi Bayer mu 1 mwa malonda aakulu a 2018. Motero mayi wopita ndi mwana kusikelo ndiponso mlimi wa thonje amakumana kale ndi ntchito za makampaniŵa.

Kachitidwe kake nkosavuta. Munthu aliyense alembe papepala makampani atatu, ndipo mlembi alembe mtengo wa sheya iliyonse pa tsiku loyamba. Pakatha miyezi 12, wopambana ndi iye amene masheya ake akwera koposa poyerekeza ndi mtengo woyamba uja. Wina asagule sheya ndi imodzi yomwe, ndipo wina asaikepo malipiro ake apamwezi. Ndalama yoloŵera ipite yonse kuthumba la chithandizo, msungichuma asapikisane nawo, ndipo chuma chiŵerengedwe poyera pamsonkhano. Mphotho ya wopambana ikhale ulemu wotchula sukulu kapena mudzi umene ulandire thumbalo.

Chifukwa cha malamulo okhwima chotere chikuoneka m'mbiri ya makampani omweŵa. Kampani ya Moderna idaloŵa pamsika wa Nasdaq ku New York mu December 2018, sheya imodzi ili madola 23. Katemera wa Covid-19 atayenda malonda, mtengo udapitirira madola 400 mu 2021, koma pofika kumapeto kwa 2024 udatsika kufika pansi pa madola 50. Bayer nayo, itagula Monsanto, idatsekeredwa m'milandu yambiri ku America yokhudza mankhwala opha udzu a Roundup, ndipo mtengo wa masheya ake udagwa kupitirira theka. Wopambana chaka chino asadziyese katswiri, popeza mwina ndi mwayi chabe umene wamuyendera. Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Phindu lenileni la mpikisanowu ndi maphunziro. Wogwira ntchito m'Boma amene watsatira mitengo chaka chathunthu adzamvetsa bwino msika wa masheya wa ku Blantyre, umene udalandira kampani yake yoyamba, NICO, mu 1996, ndipo sadzanyengedwa ndi akathyali olonjeza phindu la msangamsanga. Iye amene masheya ake agwa sataya kanthu, ndipo mwana wamasiye alandira makope ndi yunifolomu yake ndithu. Atsogoleri a nthambi za Chipani aonetsetse kuti tambala iliyonse yafika kwa mwini wake.